Kamera zooneka ngati zamakedzana: kodi ndalama zanu zikugula chiyani?

FUNSO

Ndimakhala ku Area 25 ndipo ndimagwira ntchito ku City Centre. Ndakhala ndikujambula ndi foni kwa nthawi ndithu: maluwa, ana a mng'ono wanga, azimayi ogulitsa tomato kwa Nsungwi. Masiku ano ndikangotsegula TikTok kapena Instagram ndikumangoona timakamera tooneka ngati ta nthawi ya agogo, tasiliva tokutidwa ndi chikopa chakuda, makamaka ina yotchedwa Fujifilm X100VI, ndipo zithunzi zake zimanditenga mtima. Achimwene anga a ku Johannesburg akubwera pa Khirisimasi, ati ndikawatumizira ndalama andigulira. Kodi kamera zimenezi zimajambuladi bwino kuposa zinzake, kapena ndi fashoni chabe? Ndikufunanso ndizikajambulako m'zinkhoswe Loweruka kuti ndalamayo izibwerera pang'onopang'ono.

YANKHO

Achemwali, zikomo chifukwa cha funso lanu. Kamera zimenezi zimajambuladi bwino, koma ubwinowo suchokera ku siliva ndi chikopa mukuzionazo. Zimenezo zimathera m'manja mwanu, sizifika pa chithunzi. Komanso m'kalata yanuyi muli zofuna ziwiri zomwe zikukokana: mukufuna kamera yoti izikhala m'chikwama tsiku lililonse, ndipo mukufunanso kamera yogwirira ntchito ya ndalama pa chinkhoswe. Pa choyambacho X100VI ndi yovuta kuipikisa. Pa chachiwiricho ikhoza kukuchititsani manyazi pamaso pa ankhoswe.

Ndiyambe ndi za fashonizo. Mu 2019 kampani ya Nikon inatulutsa kamera yotchedwa Z50, yakuda bii, yooneka ngati kamera iliyonse yamakono. Mu 2021 inatulutsa Z fc, yomwe anaipanga motengera FM2, kamera yawo ya filimu ya mu 1982. Kunja n'zosiyana kotheratu. Koma m'kati sensa, kachipangizo kolandira kuwala m'malo mwa filimu, ndi imodzimodzi ya ma megapixel 20.9 (megapixel imodzi ndi timadontho miliyoni imodzi topanga chithunzi), purosesa ndi yomweyo, polowera lenzi ndi pomwepo. Mutaika lenzi imodzi pa zonse ziwiri n'kujambula munthu mmodzi pamalo amodzi, palibe katswiri angakuuzeni kuti chithunzi ichi chachokera ku iti. Fujifilm nayo imatero: sensa ya ma megapixel 40 yomwe ili mu X100VI ndi yomwe ilinso mu X-T5, komanso mu X-H2 yomwe ilibe chikale chilichonse pa thupi lake. Chomwe chimapanga chithunzi ndi sensa, lenzi, kuwala komwe kulipo, ndi diso la amene wagwira kamerayo.

Nanga anthu akuzilimbirana chifukwa chiyani? Cha m'ma 2009 ndi 2010 mafoni anali atayamba kupha msika wa timakamera tating'ono ta m'thumba, ndiye makampani anafunika kupereka chinthu chomwe foni singapereke. Olympus inatulutsa PEN E-P1 mu 2009, yotengera ma PEN ake a filimu a zaka za m'ma 1960. Mu Seputembala 2010, pa chionetsero cha Photokina mumzinda wa Cologne ku Germany, Fujifilm inaonetsa X100 yoyamba, yomwe inafika m'masitolo chaka chotsatira. Nikon inayesa ndi Df mu 2013, kamera yomwe anaichotsera vidiyo dala kuti ikhale ya zithunzi zokhazokha. Leica yokha ndiyo sinabwerere kumbuyo, chifukwa sinachokeko n'komwe: ma M ake a lero akuonekabe ngati M3 ya mu 1954.

Kwa zaka zoposa khumi kamera zotere zinali za anthu ochepa, okonda kujambula okhaokha. Zinthu zinatembenuka kumapeto kwa 2022, pomwe X100V, yomwe inali itatuluka kale mu 2020 pa madola 1,399, inatchuka pa TikTok. Inatha m'masitolo m'mayiko ambiri, Fujifilm mpaka inayamba yaimitsa kulandira maoda, ndipo yogwiritsidwa kale ntchito inkagulitsidwa modula kuposa yatsopano. X100VI itatuluka mu Febuluwale 2024 pa madola 1,599, kampaniyo inasamutsira ntchito yoipanga ku China kuti izituluka yambiri, koma anthu anakhalabe pa mndandanda kwa miyezi. Ndiye inde, fashoni ilipo, ndipo gawo lina la mtengo womwe achimwene anu akaupeze ku Johannesburg ndi la fashoniyo.

Koma ndinganame nditati ndi fashoni yokha. Chenicheni chomwe kamera zimenezi zimapereka chili pamwamba pake, pa timagudumu tolembedwa manambala tija. Chithunzi chilichonse chimadalira zinthu zitatu. Shutter speed ndi kutalika kwa nthawi yomwe kamera yatsegula diso: 1/1000 ya sekondi imamuimitsa wa kabaza ali pa liwiro, 1/30 imamusandutsa chimzere. Aperture ndi kukula kwa bowo lolowera kuwala mu lenzi: pa f/2 bowolo ndi lalikulu, nkhope imaoneka bwino koma zakumbuyo zimasungunuka, pomwe pa f/8 zonse zimaoneka. ISO ndi mphamvu yomwe kamera ikuwonjezera kuwala kukachepa, ndipo mukaikweza kwambiri chithunzi chimachita timchenga. Foni yanu imasankha zonsezi osakufunsani. Kamera zamakono zambiri zimazisunga m'mabatani ndi pa sikirini. Pa kamera yachikaleyi chilichonse chili ndi kagudumu kake, ndipo manambala mumawaona ngakhale kamera ili yozimitsa. Mukuyenda padzuwa mu Malangalanga, mwakhotera m'kanjira ka mdima ka mumsika waukulu, zala zimapotokola zokha musanaikwezere n'komwe kumaso. Kwa munthu wochokera ku foni ngati inu, sindikudziwa mphunzitsi woposa ameneyu. Ndipo tsiku lomwe mwatopa, pa Fujifilm pali chilembo A pa timagudumuto; mukaika pamenepo kamera imadzisankhira.

Apa chenjerani ndi zinthu ziwiri. Pa Fujifilm, malenzi ambiri a XF ali ndi mphete ya aperture, koma otchipa a XC alibe. Pa Nikon Z fc ndi Zf timagudumu ta shutter ndi ISO tilipo, koma malenzi a Nikon Z alibe mphete yolembedwa manambala, ngakhale aja a 28mm ndi 40mm SE omwe anawavekanso chikale; aperture mumasintha ndi kagudumu kakutsogolo n'kumawerenga pa kawindo kakang'ono. Chikalecho chimakhala chosakwanira. Chachiwiri, timagudumu si tothamanga. Zinthu zikamachitika mwachangu, kamera yamakono yomwe mumasintha zonse ndi zala ziwiri diso lili pomwepo imapambana. Dzaoneni kumbuyo kwa golo pa Bingu National Stadium tsiku la Silver Strikers ndi Bullets, muwerenge kamera zasiliva zomwe zilipo.

China chomwe sichilembedwa pa bokosi ndi mmene anthu amailandirira kamera. Kalowereni mumsika wa Tsoka ndi chikamera chakuda cha lenzi yaitali, nkhope zimasintha nthawi yomweyo. Wina akuti ndinu mtolankhani, wina akuti mwatumidwa ndi bungwe, wina akufunsa kuti mukakagulitsa zithunzizo kunja iye apezapo chiyani. Ndi kakamera kasiliva funso limakhala lina: “Imeneyi ikugwirabe ntchito?” Akuluakulu amakumbukira wojambula wa panjinga uja, yemwe ankazungulira m'malokeshoni ndi m'midzi Lamulungu anthu atatchena, kamera ili pakhosi. Munkapereka kaye theka la ndalama, n'kudikira kuti filimu ya zithunzi 36 idzaze, akaitsukitse kutauni, ndipo chithunzi chinkabwera inu mutaiwala kale. Kukumbukira kumeneko kumafewetsa anthu. X100 nayo shutter yake siphokosera, imangoti tche chapansipansi. Komatu zimenezi si chilolezo choba nkhope za eni. Moni kaye, pemphani, mukajambula aonetseni. Gule wamkulu mukakumana naye kwa Chinsapo kapena njira ya ku Mitundu, musakweze kamera akuluakulu a kudambwe asanavomere. Pafupi ndi nyumba ya boma ndi malo a asilikali kamera ikhale m'chikwama, kaya ndi yokongola bwanji.

Tsopano pa chomwe chinakutengani mtima, chomwe ndikukhulupirira kuti ndi mitundu ya zithunzizo. Fujifilm yakhala ikupanga filimu kuyambira 1934, ndipo m'kamera zake inaikamo film simulation, njira yoti kamera izikonza mitundu motengera mafilimu akale. Provia, Velvia ndi Astia anali mafilimu enieni ogulidwa m'sitolo. Acros ndi ya zithunzi zakuda ndi zoyera. Classic Chrome, yomwe inabwera mu 2014 ndipo ndi imene yadzaza pa Instagram, sinakhalepo filimu; anangoipeka kuti izikumbutsa zithunzi za m'magazini akale. X100VI ili ndi mitundu 20 yotereyi. Anthu amagawana maresipi pa intaneti: sankha Classic Negative, onjezera timchenga, tsitsa ichi, kweza icho. Chithunzi chimatuluka m'kamera chili chothaitha, mumangochitumiza ku foni n'kuchiponya pa WhatsApp.

Kuno kwathu zimenezi si zachibwana. Kukonza zithunzi pa kompyuta kumafuna laputopu yamphamvu, magetsi osazimazima, ndi pulogalamu ngati Lightroom yomwe imalipiridwa mwezi ndi mwezi ndi ndalama zakunja, ndipo mukudziwa nokha mmene khadi la kubanki limavutira polipira zinthu zakunja masiku ano. Kamera yomwe yakuchotserani mtolo umenewo yakusungirani ndalama zenizeni. Makampani enanso anatsatira: Nikon Zf ili ndi posinthira kupita ku zakuda ndi zoyera nthawi yomweyo, ndipo Olympus PEN-F ya mu 2016 ndi OM System OM-3 ya mu 2025 zili ndi kagudumu ka mitundu kutsogolo.

Pali chenjezo lomwe timavidiyo ta pa TikTok sitikuuzani. Mafilimu akale omwe tikuwasilirawo sanapangidwe poganizira khungu lathu. Kuyambira zaka za m'ma 1950, malo otsukira zithunzi ankayeza makina awo ndi khadi la Kodak lodziwika kuti Shirley card, pomwe panali chithunzi cha mayi wachizungu, ndipo makhadi okhala ndi anthu a khungu losiyanasiyana anadzabwera m'ma 1990. Tsegulani alubamu ya makolo anu: m'zithunzi zambiri malaya oyera akuoneka bwinobwino koma nkhope ndi mdima, maso ndi mano okha. Sensa za lero zimatha kusunga zonse ziwiri, koma maresipi ambiri a pa intaneti amakonzedwa ndi anthu omwe amawayesa pa khungu loyera, m'misewu ya Tokyo kapena Lisbon, padzuwa lofatsa. Mukawatenga osasintha kalikonse, Classic Chrome imamuchititsa munthu mbuu, Classic Negative imalimbitsa mithunzi mpaka masaya kumaoneka obiriwira, ndipo Velvia, yomwe imakoma pa jakaranda wa mu Okutobala kapena pa zitenje zoyalidwa pamsika, pa nkhope imafiiritsa moipa.

Pojambula anthu yambani ndi Astia kapena Pro Neg. Std, kapenanso Reala Ace ngati kamera yanu ili nayo. Tsitsani shadow tone kufika pa -1 kuti mithunzi ifewe. Kagudumu ka exposure compensation, kowalitsira kapena kudetsera chithunzi chonse, kaja kamakhala pafupi ndi chala chachikulu, kakwezeni pa +1/3 kapena +2/3. Mukatero diresi loyera kapena shati ya mkwati ikhoza kupsa, kuyereratu mbee osaonekanso bwino, tsono yatsani DR200 kapena DR400, makonzedwe a m'kamera otetezera malo owala kwambiri, kuti zoyerazo zisungike. Pa X100VI zimenezi zimafuna ISO ya 250 ndi 500, pa X-T3 ya 320 ndi 640. Pa ntchito ya ndalama jambulani RAW, fayilo yosakonzedwa yomwe mungaikonze pambuyo pake, pamodzi ndi JPEG, chithunzi chokonzedwa kale ndi kamera, kuti resipi ikakulakwirani mukhale ndi pothawira.

Dzuwa la Lilongwe nalo ndi nkhani payokha. Tili pafupifupi madigiri 14 kumwera kwa equator, pamtunda wopitirira mamita 1,000, ndipo kuyambira 10 koloko mpaka 3 koloko kuwala kumagwa kuchokera pamutu penipeni. Maso amalowa m'mithunzi, chipumi chimanyezimira, sikirini ya foni simuiona n'komwe. Kamera yokhala ndi posuzumira imathetsa la sikirinilo, ndipo X100 ili ndi posuzumira pamitundu iwiri, pa galasi wamba ndi pa kasikirini ka m'kati, mumangosankha. Koma luso lake lalikulu, lomwe ambiri oigula salidziwa, ndi ili: shutter yake ili m'kati mwa lenzi, ya mtundu wa leaf, ndipo imalola flashi kuwomba pa liwiro lalikulu ngati 1/1000, pomwe kamera zina zimathera pa 1/200 kapena 1/250. Ilinso ndi ND filter, galasi lochepetsa kuwala lomwe lili m'kati ndipo mumangoliyatsa. Mukaphatikiza ziwirizi ndi kaflashi kake kakang'ono, mutha kujambula munthu chapafupi dzuwa lili paliwombo, nkhope yowala bwino, thambo lili buluu kumbuyo. Kwa ine ichi ndi chifukwa chomveka chogulira X100 kuposa kukongola kwake konse. Ndi kamera zina njira ndi yakale ija: muimikeni munthu pansi pa mango kapena pakhonde, apo ayi dikirani 4 koloko.

Tsono tifike pa chinkhoswe. X100VI ili ndi lenzi imodzi ya 23mm f/2 yomwe sichotsedwa, ndipo siikoka zakutali. Kuti munthu akule m'chithunzi muyenera kumuyandikira ndi miyendo. Mumsewu zimenezo n'zabwino, zimakuphunzitsani kuona. Koma taganizani nthawi ija ankhoswe akusinthana tambala ndi msoti, azakhali akululutira, abale onse atambasula mafoni kutsogolo kwanu. Simungakaime pakati pa ankhoswe, ndipo muli patali mupeza chithunzi cha misana ya anthu. Kamerayi imatha kudula chithunzi kuti chioneke ngati cha lenzi yokokerako pafupi ya 50mm kapena 70mm, koma kumeneko n'kutaya ma megapixel omwe munawalipira. Polowera memori khadi ndi pamodzi pokha. Khadilo likafa, chinkhoswe cha eni chapita, ndipo sichibwerezedwa. Batire lake laling'ono, NP-W126S, limajambula zithunzi pakati pa 300 ndi 450, pomwe perekaniperekani yekha atha kudya zoposa pamenepo. Pogwirira pake ndi pochepa, pofika madzulo dzanja limakhala litauma. Ndipo kaya tifune kaya tisafune, eni mwambo amayeza wojambula ndi kukula kwa kamera. Mukafika ndi kakamera kokwana m'thumba la jekete, apongozi ena adzafunsa kuti wojambula weniweni afika nthawi yanji.

Za mitengo, nayi yomwe makampani analengeza potulutsa kamerazi, m'madola a ku America: Z fc pafupifupi 960 yopanda lenzi, X-T5 1,699, Zf ndi OM-3 pafupifupi 2,000 iliyonse, Leica Q3 5,995, ndipo M11 8,995 lenzi musanagule. Ma Leica ndangowatchula kuti mudziwe komwe msewuwu umathera. Mitengoyi yakhala ikusintha, kawirikawiri mokwera. Onjezanipo msonkho ndi VAT za a MRA pa bwalo la ndege la Kamuzu kapena pachipata cha Dedza, ndipo chitsitsireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola iliyonse ikuluma.

Ndikanakhala ine, ndi zofuna zanu ziwirizi, ndikanawauza achimwenewo kuti asavutike kusaka X100VI. Akafune Fujifilm X-T3 yogwiritsidwapo kale ntchito. Inatuluka mu 2018, ili ndi ma megapixel 26, timagudumu tonse tija, Classic Chrome, Astia, Acros ndi Eterna, polowera makhadi pawiri, thupi lotetezedwa ku fumbi ndi mvula yowaza, ndipo malenzi amasinthidwa. Classic Negative mulibe. Ndalama zikalola, X-T4 ya mu 2020 ili nayo, komanso ili ndi batire lalikulu ndi chothandiza kuti chithunzi chisagwedezeke dzanja likanjenjemera. Zikavuta, X-T2 ya mu 2016 ikadali yolimba, makhadi awirinso. X-T30 ndi yaing'ono ndi yotchipa, koma khadi ndi limodzi. Pa chinkhoswe ikanipo XF 18-55mm f/2.8-4, yomwe imapezeka yambiri pa msika wa zakale chifukwa inkagulitsidwa pamodzi ndi kamera. Masiku ena onse ikanipo XF 27mm f/2.8, kalenzi kophwatalala komwe kamalola kamera kulowa m'chikwama cha kuntchito, kapena XF 23mm f/2 yomwe imaona dziko chimodzimodzi ndi X100. Maholo ndi matenti ambiri amakhala amdima, tsono flashi ya Godox yopangidwira Fujifilm isasowe. Mukadzafuna lenzi yojambulira nkhope, Viltrox ndi Sigma amapanga za 56mm zotsikirapo mtengo.

Njira ya Nikon ili ndi ubwino umodzi womwe umamveka kuno. Ojambula ambiri mu Lilongwe amagwira Canon ndi Nikon, ndiye lenzi yobwereka kapena yogula kwa mnzanu sivuta kupeza, pomwe ya Fujifilm mutha kuzungulira tauni yonse. Ndi adaputa ya FTZ malenzi akale a Nikon amalowa pa Z fc ndi Zf. Olembedwa AF-S ndi AF-P amafokasa okha, kutanthauza kuti amadzikonza okha kuti chithunzi chioneke bwino, akale kwambiri mumapotokola ndi dzanja. Zf ya mu 2023 ili ndi sensa yaikulu ya full frame, yofanana kukula ndi chithunzi chimodzi cha pa filimu ya 35mm, ya ma megapixel 24.5, ndipo mu holo ya mdima imaposa ma Fujifilm onse ndatchulawa. Koma ndi yolemera, magalamu 710 yopanda lenzi, ndipo ambiri amaigulira chogwirira chapadera. Z fc ndi yopepuka ndiponso yotsika mtengo, koma khadi ndi limodzi ndipo thupi lake lilibe chothandiza kugwedezeka. Ma Olympus OM-D E-M5 ndi E-M10 nawo musawanyoze: sensa yake ndi yocheperapo ndiye mumdima amafooka msanga, koma ndi opepuka, malenzi ake ndi otchipa, ndipo akale ake amapezeka pa mtengo womveka.

Chomwe ndikukuletsani mwamphamvu ndi timakamera totchipa tomwe tadzaza m'masitolo a pa intaneti, topanda dzina lodziwika, tolembedwa 48MP kapena 64MP ndi 4K, tooneka ngati Leica pa chithunzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Sensa yake nthawi zambiri ndi yochepa kuposa ya foni muli nayoyo, manambalawo ndi ofufumitsa ndi pulogalamu, ndipo timagudumu tina n'tongokongoletsa. Tosiyana ndi timeneti ndi timakamera ta m'thumba ta zaka za m'ma 2000, ma Canon IXUS, Sony Cyber-shot ndi Nikon Coolpix, tomwe achinyamata ayambanso kutisaka chifukwa cha flashi yake yaukali. Timeneto ndi tenitenidi, ndipo nthawi zina timapezeka m'kaunjika wa zamagetsi. N'tabwino posangalala ndi anzanu, bola muone kaye batire ndi khadi: ma Sony akale amafuna Memory Stick, ma Olympus ndi Fujifilm akale amafuna xD, ndipo tambiri ta SD ta nthawi imeneyo sitiwerenga khadi loposa 2GB.

Achimwene akakapeza yakale, asagule pongoona zithunzi. Apite kusitolo ya makamera yomwe imapereka risiti ndi miyezi ingapo ya chitsimikizo. Aunike mu lenzi ndi tochi ya foni, aone ngati mulibe timizere tonga ta kangaude, chifukwa imeneyo ndi nkhungu ndipo imafalikira. Ajambule thambo kapena khoma loyera pa f/16, madontho a pa sensa aonekera pomwepo. Apotokole kagudumu kalikonse n'kuona ngati nambala ya pa sikirini ikutsatira, ayese polowera makhadi ponse pawiri. Agulenso mabatire awiri apadera ndi makhadi enieni konko; makhadi onyenga, olembedwa 128GB m'kati muli zochepa, ndi ambiri pamsika. Risiti aisunge pafupi, adzaifuna pachipata.

Ikafika kuno mdani wake woyamba ndi fumbi la kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba. Musasinthe lenzi m'mbali mwa msewu kapena pa kabaza. Lowani m'nyumba, kamera iyang'ane pansi, chitani msanga. Gulani kopopera mpweya, osapemerera ndi pakamwa. X100V ndi X100VI zimatetezedwa ku fumbi ndi madzi pokhapokha mutagula padera mphete yake ndi filter ya 49mm, ndipo fumbi likalowa pa sensa ya kamera yomwe lenzi yake sichoka simungalichotse nokha. Nthawi ya dzinja mdani ndi chinyezi: sungani kamera ndi malenzi m'kontena yotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel, osati m'wadirobu yotsamira khoma lonyowa. Ikawonongeka m'kati nthawi zambiri ndi ulendo wobwerera ku South Africa. Chosangalatsa n'choti X-T3, X-T4, X-T30, Z fc, Zf ndi ma X100 atsopanowa amatchajidwa ndi USB-C, ndiye magetsi akazima power bank ya foni ija ikwanira.

Mwina mutaganiza bwino muona kuti za zinkhoswezo munangoziwonjezera kuti mtima usakutsutseni pa ndalamazo. Zikatero nkhani yasintha, gulani X100 yanuyo, kaya X100F ya mu 2017, X100V kapena VI, bola musapereke ndalama zoposa mtengo wa m'sitolo kwa anthu ogulitsanso. Musanatumize ndalama dziyeseni kaye: kuyambira pano mpaka achimwene anyamuke, jambulani ndi foni osakhudza zoom ngakhale kamodzi. Lenzi ya foni ndi yotambalala pang'ono kuposa ya X100, koma vuto lake ndi lomwelo, ndipo mudziwa msanga ngati kuyandikira ndi miyendo kukukomerani kapena kukukwiyitsani. Ngati za zinkhoswe ndi zenizeni, tengani X-T3 kapena X-T4, ndipo zinkhoswe zoyamba musapite nokha. Pemphani wojambula wozolowera kuti mukhale wachiwiri wake, iye agwire ankhoswe ndi akwati, inu muzijambula azakhali, ana ndi ovina pa perekaniperekani.